Ngodya Zisanu ndi Zitatu za pa Msewu

Nkhani ya sabata ino ndi ya masamu, koma omvera asathamangire kutseka wailesi poganiza kuti ndi ya ana a sukulu okha. Ndi nkhani ya mizere iwiri yoyenda limodzi osakumana, ndi mzere wachitatu umene uipingasa. Mlimi wokoza mizere m'munda mwake ku Dowa, bambo wosoka mphasa ku Nkhotakota, kalipentala wokhoma denga ku Mulanje, onsewa amagwira ntchito ndi chinthu chimenechi tsiku ndi tsiku ngakhale sanamvepo dzina lake. Koma malo abwino oyambirapo ndi ku Area 12 mumzinda wa Lilongwe, chifukwa kumeneko nthaka inayamba yalembedwa pa pepala anthu asanamangepo nyumba.

Lilongwe wakale anali tauni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pamene lero patchedwa Old Town, ndipo pa kalembera wa 1966 munapezeka anthu osakwana 20,000. Boma la Dr H. Kamuzu Banda litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, mapulani a mzinda watsopano anatuluka m'chaka cha 1968, olembedwa ndi akatswiri awiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti liyendetse ntchito yomanga, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Malo a kutsidya kwa mtsinje wa Lingadzi, kumene lero kuli City Centre, Capital Hill ndi nyumba za mipanda za ku Area 10, 11, 12 ndi 43, anali minda, midzi ndi tchire. Womanga asanafike ndi njerwa zake, kunayamba kufika wopima malo ndi makina ake a miyendo itatu, tepi ndi zikhomo. Iyeyo ndiye anagawa tchirelo m'mapuloti, nakwirira mabikoni a simenti m'ngodya mwa puloti iliyonse.

Misewu yambiri ya m'madera amenewa ndi yokhotakhota, potsata kutsetsereka kwa malo. Koma malire a puloti ndi mizere yoongoka yochokera pa bikoni kufika pa bikoni inzake, ndipo pamene mapuloti andanda m'mbali mwa msewu woongoka, malire ake a m'mbali kawirikawiri amayenda limodzi osakumana. M'mawa uliwonse alonda, ophika ndi osamala maluwa ochokera ku Kauma ndi madera ena amalowa mu Area 12 pansi kapena pa njinga, ndipo munthu woyenda pansi sakonda kuzungulira. Pamene pali malo osamangidwa, iye amadula njira yachidule yopingasa. Njira yotereyi ndiyo ithandize omvera kuona ndi makutu zimene mwana wa sukulu amaona pa bolodi.

Choyamba, ngodya n'chiyani? Pa nyumba, ngodya ndi pamene makoma awiri akumana. M'masamu mawuwa atanthauza kukula kwa mpata umene uli pakati pa mizere iwiri yokumana, monga mmene chitseko chitsegukira pang'ono kapena kwambiri. Muyeso wake ndi madigiri. Munthu akaima natembenuka mpaka kuyang'ananso kumene anayang'ana poyamba, wazungulira madigiri 360. Akatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo, ndi madigiri 180, ndipo amenewa ndiwo madigiri a mzere woongoka. Ngodya ya sikweya ya mmisiri ndi madigiri 90. Kutalika kwa mizere sikusintha ngodya: chitseko cha khola la nkhuku ndi chitseko cha tchalitchi zitha kutseguka mofanana.

Tsono womvera ayerekeze misewu iwiri yoongoka, yonse yochokera kumadzulo kupita kum'mawa, wina kumwera wina kumpoto, ndipo mtunda wa pakati pake ndi umodzimodzi paliponse. Munthu akuyenda m'njira yachidule yoongoka, kuchokera kumwera chakumadzulo kulowera kumpoto chakum'mawa, ndipo aoloka misewu yonse iwiri. Pa msewu uliwonse njira yake ipanga ngodya zinayi: ziwiri asanaoloke, ina kumanja ina kumanzere, ndi ziwiri ataoloka, ina kumanja ina kumanzere. Misewu iwiri, ngodya zisanu ndi zitatu. Amene ali ndi pensulo alembe pa pepala; amene alibe alembe pansi ndi kamtengo, popeza dothi ndilo bolodi lakale kuposa onse.

Munthu uja atangooloka msewu woyamba, aime ndi kuyang'ana kudzanja lake lamanja. Pakati pa njira imene akulowera ndi msewu wopita kum'mawa pali ngodya yopapatiza, ndipo m'chitsanzo chino ikhale ya madigiri 60. Imeneyi ndiyo ngodya yokhayo imene iyenera kupimidwa. Zisanu ndi ziwiri zotsalazo zidziwika popanda kugwiranso chopimira.

Kumanzere kwake kuli ngodya yotambalala. Iyo ndi ya 60 ija zagona pa msewu umodzi woongoka, kotero pamodzi zikwana 180, ndiye kuti yotambalalayo ndi 120. Akacheuka kuyang'ana kumene wachokera, aona kuti ngodya ziwiri za tsidya linalo zasinthana malo: yopapatiza ili mbali imene inali kumanzere kwake pobwera, yotambalala ili mbali imene inali kumanja. Ngodya ziwiri zimene zikhudzana pa nsonga pokha, monga kukamwa kwa sizasi ndi mpata wa zogwirira zake, n'zofanana nthawi zonse. Mphunzitsi m'kalasi amazitcha vertically opposite angles, pakuti masamu m'sukulu za m'Malawi amaphunzitsidwa m'Chingerezi. M'Chichewa zitha kutchedwa ngodya zopenyana pa mphambano. Izi zokha sizilira msewu wachiwiri; mizere iwiri iliyonse ikapingasana zimakhalapo.

Chuma chenicheni chili pa msewu wachiwiri. Munthu uja wayenda osakhota, ndipo msewu wachiwiriwo walunjika kumene walunjika woyamba. Kotero ataoloka, ngodya ya kumanja kwake ikhalanso 60. Mphambano yachiwiri ndi chithunzi cha yoyamba, ngati kuti munthu wainyamula n'kukaitula patsogolo osaitembenuza. Ngodya ya "ataoloka kumanja" pa msewu woyamba ifanana ndi ya "ataoloka kumanja" pa wachiwiri, ya "asanaoloke kumanzere" ifanana ndi inzake ya "asanaoloke kumanzere", ndipo mawiri otere alipo anayi. Amenewa ndi corresponding angles, ngodya za malo ofanana.

Tsopano ayang'ane zinayi zokha zimene zili m'kati, pakati pa misewu iwiri ija. Pochoka pa msewu woyamba, 60 inali kumanja. Pofika pa wachiwiri, asanaoloke, 60 ili kumanzere. Ziwirizi zili m'kati zonse, koma ina mbali ino ya njira, ina mbali inayo, ndipo n'zofanana. Dzina lake ndi alternate angles, ngodya zosinthana mbali. Za 120 nazonso zili ndi awiri ake otere m'katimo. Kunja kwa misewu kulinso zosinthana mbali: ya asanaoloke msewu woyamba kumanzere ndi ya ataoloka wachiwiri kumanja, zonse 60.

Mtundu wotsiriza ndi umene umagwetsa ana ambiri. Ngodya ziwiri za m'kati zimene zili mbali imodzi ya njira sizifanana. Kumanja, pochoka pa msewu woyamba pali 60, pofika pa wachiwiri pali 120. Kumanzere, pochoka pali 120, pofika pali 60. Mbali iliyonse zikwana 180. Mabuku ena amazitcha co-interior angles, ena allied angles. Ndi ngodya za m'kati za mbali imodzi. Mwana wozolowera kulemba kuti "zofanana" pa funso lililonse amataya malikisi pamenepa, ngakhale diso lokha likumuuza kuti ina ndi yopapatiza, inzake ndi yotambalala.

Aphunzitsi ambiri amathandiza ana ndi zilembo. Amati ngodya za malo ofanana zimaoneka ngati F, zosinthana mbali ngati Z, za m'kati za mbali imodzi ngati C, ndipo zopenyana ngati X. Njirayi ndi yothandiza pa tsiku loyamba, koma ili ndi msampha. Wolemba mayeso a Fomu 2 kapena a Fomu 4 amatembenuza chithunzi, misewu n'kuima chilili, kapena amaonjezera mzere wachinayi, ndipo mwana amafunafuna Z wake osamupeza chifukwa wagona chagada kapena watambasuka. Mafunso atatu ndi odalirika kuposa zilembo. Mizere iwiri yosakumana ndi iti, ndipo woipingasa ndi uti? Ngodya ziwirizi zili m'kati kapena kunja? Zili mbali imodzi ya wopingasa kapena zasinthana? Amene wayankha atatuwa wadziwa mtundu wake, chithunzi chitembenuke bwanji. Ndipo pomaliza pali choyesera chosavuta: pa zisanu ndi zitatu zija pali miyeso iwiri yokha, zinayi zopapatiza zofanana ndi zinayi zotambalala zofanana. Wopingasa akadutsa mwa sikweya, zonse zikhala 90.

Msampha wina ndi waukulu koposa, ndipo suli m'mayeso mokha. Zonsezi n'zoona pokhapokha mizere iwiri ija ikhaledi yosakumana. M'buku, timivi tiwiri tolembedwa pa mizereyo ndito chizindikiro chake, ndipo pamene palibe timivi kapena mawu onena choncho, mwana alibe chilolezo chokhulupirira maso ake. Mayina a ngodya akhalabe omwewo ngakhale mizere itapendekeka, koma kufanana kwake kutha. Lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera, ndipo apa m'pamene amisiri amadyera: munthu akapima napeza kuti ngodya za malo ofanana n'zofananadi, kapena kuti za m'kati za mbali imodzi zikwana 180, watsimikiza kuti mizere yakeyo sidzakumana, ngakhale sanaitsate mpaka kumapeto.

Nachi chitsanzo cha mmene digiri imodzi imadyera nthaka. Puloti ina ku Area 12 ikhale ndi malire a m'mbali otalika mamita 60, onse oyenera kuchoka pa malire a kumsewu mwa sikweya. Mwini wake aitana omanga mpanda wa njerwa. Bikoni ya kutsogolo ikuoneka, koma ya kumbuyo inakwiririka m'maluwa kalekale, ndipo omangawo, posafuna kuifukula, akoka chingwe ndi diso lokha. Ngodya imene inayenera kukhala 90 ituluka 91. Palibe diso la munthu limene lingaone kusiyana kumeneku pa njerwa yoyamba. Koma pofika kumapeto kwa mamita 60, mpandawo walowa m'malo a mnansi ndi mita yathunthu ndi masentimita asanu, ndipo kachigawo kamene kadyedwako n'kopitirira masikweya mita 30, malo okwanira chipinda chachikulu. Ngodya za m'kati za mbali imodzi zakwana 181 m'malo mwa 180, ndipo digiri yoonjezerayo idzalipidwa tsiku limene mnansi adzaitana wopima malo: kugumula mpanda, kugulanso simenti, mwinanso kutengerana kubwalo la milandu. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Kumudzi nkhani ndi yomweyo pamene malire a minda iwiri asuntha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, mzere womaliza ukamakozedwa mopendekeka.

Mmisiri wodziwa ntchito yake ali ndi mankhwala a vutoli, ndipo sagula kusitolo. Pa chingwe cha kutsogolo apima mamita atatu kuchokera pa chikhomo, pa chingwe cha m'mbali apima mamita anayi, ndipo asuntha chingwecho mpaka mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo utakwana mamita asanu. Pamenepo ngodya ndi 90 yeniyeni. Akachita chimodzimodzi pa chikhomo chinacho, ali ndi 90 ndi 90, pamodzi 180, ndipo makoma ake awiri a m'mbali ayenda limodzi osakumana. Mwina sanafike Fomu 2, koma lamulo limene watsata ndi lomwe lija.

Wopima malo amaligwiritsa ntchito mwa njira ina. Iye amanena kulunjika kwa malire powerenga madigiri kuchokera kumpoto, mozungulira monga muvi wa wotchi. Pa mapu, mizere yonse yolozera kumpoto ndi yosakumana, ndipo malire a pakati pa mabikoni awiri ndiwo wopingasa. Ngati kuchoka pa bikoni yoyamba kupita pa yachiwiri ndi madigiri 60, pobwerera payenera kukhala 240, ndiye kuti 60 kuonjezera 180. Akapeza nambala ina, adziwa kuti penapake palakwika, ndipo abwereza asanakwirire simenti. Masiku ano makina ambiri opimira amalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti ndipo amawerengera okha, koma masamu a m'kati mwake sanasinthe.

Pa geti la chitsulo, monga aja a m'mipanda ya ku Area 12, wowotcherera amaika chitsulo chopingasa kuchokera pa ngodya ya pansi kufika pa ya pamwamba kuti geti lisagwe mphuno. Chitsulo cha pamwamba ndi cha pansi n'zosakumana, kotero nsonga ziwiri za chopingasacho zidulidwa pa ngodya imodzimodzi, ina kuyang'ana uku ina uko. Ndi Z uja, atavala utoto. Kalipentala naye akaika mtanda waufupi m'kati mwa denga, woyenda limodzi ndi mtanda wa pansi, sapimanso kachiwiri. Ngodya imene phaso lakumana ndi mtanda wa pansi ndi yomweyo imene likumana ndi wapamwamba. Denga lomwelo likuonetsa chinthu china chimene ana amaloweza osadziwa gwero lake, chakuti ngodya zitatu za chinthu cha mbali zitatu zikwana 180. Munthu ayerekeze mzere wodutsa pa nsonga ya denga, woyenda limodzi ndi mtanda wa pansi. Mapaso awiri ndiwo opingasa. Ngodya ziwiri za pansi, zikhale 20 ndi 20, zipezekanso pamwambapo monga zosinthana mbali, ina kumanja ina kumanzere kwa ngodya ya pansonga, ndipo zitatuzo zagona pa mzere umodzi woongoka. Ya pansonga iyenera kukhala 140.

Omvera a ku Salima ndi ku Mchinji ali ndi chitsanzo chachitsulo: njanji imene inafika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji. Zitsulo zake ziwiri zatalikirana mamilimita 1,067, ndipo pamene msewu uoloka njanjiyo mopendekeka, ngodya zonse zisanu ndi zitatu zili poyera.

Nzeru imeneyi inalembedwa mwadongosolo pa nthaka ya Africa. Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, mumzinda wa Alexandria ku Egypt, Euclid analemba mabuku 13 otchedwa Elements. M'buku loyamba, mfundo ya 27 ndi ya 28 zikuonetsa kuti ngodya zikafanana monga zanenedwa pano, mizere sikumana. Mfundo ya 29 ikuonetsa chobwerera chake, kuti mizere ikakhala yosakumana ngodya zifanana. Koma kuti atsimikize ya 29, Euclid anayenera kupempha owerenga kuti avomere chinthu chimodzi popanda umboni: kuti ngodya za m'kati za mbali imodzi zikaperewera pa 180, mizere iwiriyo idzakumana ndithu mbali imeneyo, ngakhale kutali. Womanga mpanda aliyense angavomere msanga. Akatswiri a masamu sanakhutire. Kwa zaka pafupifupi 2,000 anayesa kutsimikiza mfundoyi kuchokera pa zinzake, pakati pawo Ibn al-Haytham ku Cairo, Omar Khayyam ku Persia ndi wansembe Saccheri ku Italy mu 1733, ndipo onse analephera. Kenaka Lobachevsky ku Russia mu 1829 ndi Bolyai wa ku Hungary mu 1832 anaonetsa kuti munthu atha kuikana mfundoyo n'kupeza masamu ena osadzitsutsa. Kunena kwina, malamulo a ngodya zisanu ndi zitatu ndi a pamalo athyathyathya, monga pepala kapena puloti. Pa dziko lonse, limene ndi lobulungira, zinthu zisintha: mizere iwiri yolunjika kumpoto imaoloka equator mwa sikweya yonse, 90 ndi 90, komabe ikakumana ku North Pole. Puloti ya mamita 60 ndi yaing'ono kwambiri moti kubulungiraku sikuoneka.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo la pathyathyathya lomweli ndilo linapima kubulungira kwa dziko. Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, anali woyang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria cha m'ma 240 Yesu asanabadwe. Iye anadziwa kuti ku Syene, kumene lero ndi Aswan, pa tsiku lina la chaka dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, ndipo mtengo woima chilili sukhala ndi chithunzithunzi. Tsiku lomwelo ku Alexandria, kumpoto, mtengo unali ndi chithunzithunzi, ndipo ngodya yake inali gawo limodzi la magawo 50 a kuzungulira, ndiye kuti madigiri 7 ndi pang'ono. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyo unkawerengedwa masitadiya 5,000. Anachulukitsa ndi 50, napeza 250,000. Akatswiri amatsutsanabe za kutalika kwenikweni kwa sitadiya imene anagwiritsa ntchito, koma njira yake palibe amaitsutsa.

Mizere yosakumana ili pati m'nkhaniyi? Dzuwa lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kotero miyezo ya kuwala kwake yofika pa mizinda iwiri ili ngati misewu iwiri ija. Kuwala kogwera pa mtengo wopanda chithunzithunzi kukanapitirira pansi, kukanafika pakati penipeni pa dziko. Mtengo wachiwiri nawo, popeza waima chilili, ukanatalikitsidwa pansi ukanafika pomwepo, ndipo umenewu ndiwo wopingasa. Uli ndi mphambano ziwiri: ina pa nsonga ya mtengo, pamene ukumana ndi kuwala, ina pakati pa dziko. Ngodya ya pansonga, imene mwana angathe kupima, ndi ngodya ya pakati pa dziko, kumene palibe munthu anafikako, ndi zosinthana mbali. Kupima imodzi ndi kupima inzake.

Malawi ndi dziko loyenera ntchito imeneyi kuposa maiko ambiri, chifukwa ndi lalitali kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndipo lonse lili m'chigawo chimene dzuwa limafika paliwombo kawiri pa chaka. Karonga ili pafupifupi madigiri 10 kumwera kwa equator, Lilongwe 14, Nsanje 17. Kuchokera ku Karonga kufika ku Nsanje ndi madigiri 7, pafupifupi omwe aja a Eratosthenes. Koma awiri oyenerana bwino ndi Lilongwe ndi Karonga, pakuti Karonga ili kumpoto kwenikweni kwa Lilongwe, ndipo dzuwa limafika pamwamba pake m'malo onse awiri pa nthawi imodzi, kusiyana kwake kosakwana mphindi imodzi.

Ku Lilongwe dzuwa limaima paliwombo cha pa 31 Okutobala, ndiponso cha pa 11 kapena 12 Febuluwale. Pa masiku amenewa mzati woima bwino pa kapinga wa ku Area 12, kapena pa bwalo la sukulu ku Kawale, umataya chithunzithunzi chake kwa kanthawi. Pa nthawi yomweyo ku Karonga, ndodo yotalika mita imodzi kuchokera pansi ikhala ndi chithunzithunzi cha masentimita 7, cholozera kumpoto. Mwana akajambula pa pepala mzere woima wa masentimita 100 ndi wogona wa 7, kapena theka la yonse iwiri, n'kulumikiza nsonga zake, apeza kuti ngodya ya pamwamba ndi madigiri 4. Madigiri 4 alowa mu 360 ka 90. Mtunda woongoka wa pakati pa Lilongwe ndi Karonga, woyezedwa pa mapu osati pa msewu wa M1 umene umakhota ndi kukwera mapiri, ndi pafupifupi makilomita 445. Kuchulukitsa ndi 90 kupereka 40,050. Muyeso wa akatswiri wa kuzungulira dziko kudzera ku North Pole ndi South Pole ndi makilomita 40,008.

Sukulu ziwiri zitha kuchita zimenezi ndi ndodo, chingwe, rula ndi foni imodzi mbali iliyonse. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndodo iime chilili ndithu, ndipo choyesera chake ndi chingwe chomangirira mwala, osati diso. Pansi pakhale posalala ndi pa levulo. Kulakwitsa ndi sentimita imodzi yokha n'kokwanira kuononga zonse: chithunzithunzi chikawerengedwa 6 m'malo mwa 7, dziko lifufuma kupitirira makilomita 46,000, ndipo chikawerengedwa 8 lifota kufika pa 35,000. N'chifukwa chake ndodo ya mamita awiri, yopereka masentimita 14, ndi yabwino koposa. M'maboma ena namo muli chopima tsiku lomwelo, aliyense pa nthawi imene chithunzithunzi chake chafupika kotheratu. Pa ndodo ya mita imodzi, ku Mzuzu chikhala masentimita 4 ndi pang'ono cholozera kumpoto, ku Blantyre masentimita 3 cholozera kumwera, ku Nsanje masentimita 5 cholozeranso kumwera.

Mwa masiku awiri aja, la Okutobala ndilo lodalirika, popeza Febuluwale ndi mwezi wa mvula ndipo mitambo itha kuphimba dzuwa pa mphindi imene likufunika. Koma wodikira 12 koloko pa tsiku la Okutobala adzapeza zitatha. Nthawi ya pa wotchi m'Malawi imatsata mzere wa madigiri 30 kum'mawa, pamene Lilongwe ali pafupifupi pa 34, ndipo m'nyengo imeneyo ya chaka dzuwa limafulumiranso ndi mphindi zina 16. Chithunzithunzi chimasowa cha m'ma 11:30 m'mawa, choncho ndodo ikhale itaimikidwa ndi kuyesedwa pofika 11 koloko. Mu Febuluwale chimasowa pafupi ndi 12 koloko.